MISASA YA ANA OIMBA VAYOLINI KU AMEREKA

Mau awa anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ndi makolo. Tawasindikiza muno kuti odziwa kuwerenga awerengere anzao ku midzi.

Nkhani imene ndakutengerani lero ndi ya kutali, ya ku Amereka, koma funso lake ndi lathu lomwe. Funsolo ndi ili: sukulu zikatsekedwa, mwana amene wayamba kuphunzira luso lina achite chiani kuti lusolo lisamthawe? Inu aphunzitsi mudziwa bwino kuti mwana amene anali kuwerenga mosadodoma potsekera sukulu, pobwera ku tchuthi apezeka alikuchita chibwibwi pa mau omwe aja. Anthu a ku Amereka anakomana ndi bvuto lotere pa ana ao ophunzira zoimbira za nsambo, ndipo mankhwala amene anapeza ndiwo misasa ya pa tchuthi.

ZOIMBIRA ZAKE NZOTANI?

Ambiri a inu mudziwa kaligo, amene ali ndi nsambo imodzi ndipo alira pomkwecha ndi kauta. Vayolini ndi mbale wake wa kaligo, koma iye ali ndi nsambo 4, thupi lake ndi la matabwa opyapyala, ndipo woimba amamgwira pakati pa chibwano ndi phewa. Uta wake uli ndi ubweya wa ku mchira wa kavalo, ndipo ubweyawo aupaka utomoni wouma wa mtengo wa paini kuti ugwire nsambo. Pa banja limeneli pali zoimbira 4. Vayolini ndiye wamng'ono, wa mau okwera. Wotsatana naye ndi viola, wokulirapo pang'ono. Kenaka pali cello, amene woimba amamuimika pakati pa maondo atakhala pa mpando. Wamkulu wa onse ndiye besi, wotalika kuposa mwana wa sukulu, wa mau a pansi ngati bingu la kutali.

Chimene chichititsa zoimbira izi kukhala zobvuta ndi ichi. Pa gitala kapena pa banjo pali tizitsulo topingasa pa khosi pake tosonyeza poika chala. Pa vayolini palibe. Chala chikaphonya pang'ono pokha, ngakhale ngati kukula kwa njere ya mapira, mau atuluka okhota, ndipo khutu lokha ndilo liuza mwana kuti walakwa. Nthawi yomweyo dzanja lamanja liri ndi ntchito ina yosiyana, yoyendetsa uta mosapendama, mosakanikiza kwambiri ndiponso mosapepuza kwambiri. Chifukwa cha ichi ana ambiri amayamba ali ndi zaka 4 kapena 6, pa timavayolini tating'ono topangidwira msinkhu wao, ndipo papita zaka zambiri asanatulutse mau okoma. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Tsono kumbukirani kuti nyengo za kumeneko zisiyana ndi zathu. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ife tirikuothera moto chifukwa cha chisanu, iwo ali m'chirimwe chotentha, ndipo ndiyo nthawi ya tchuthi chao chachikulu, choposa miyezi 2. Zala zimene zagona miyezi 2 osakhudza nsambo zimauma. Komanso pa miyezi ya sukulu mwana ali ndi masamu, Chingerezi ndi maphunziro ena, kotero kuti nthawi ya vayolini imachepa. Aphunzitsi ena anaona kuti tchuthi chimene chimaononga luso chingasanduke nthawi yolikulitsa.

MSASA WA KU INTERLOCHEN

Mmodzi wa oyamba anali Joseph Maddy, mphunzitsi wa nyimbo wobadwa mu 1891 ku Kansas. Mu 1926 iye anasonkhanitsa ana a sukulu za sekondale ochokera m'zigawo zambiri za Amereka kuti aimbe pamodzi pa msonkhano wa aphunzitsi a nyimbo mu mzinda wa Detroit. Anawo anaimba bwino, koma anakhala pamodzi masiku owerengeka okha, nabalalika. Maddy anaganiza kuti, ngati masiku ochepa abala zotere, nanga masabata ambiri adzabala zotani? Chotero mu 1928, pamodzi ndi mnzake Thaddeus Giddings, anatsegula msasa pa malo ochedwa Interlochen, m'nkhalango ya mitengo ya paini pakati pa nyanja ziwiri zazing'ono kumpoto kwa Michigan. Chaka choyambacho kunadza ana 115.

Ntchitoyo siinayende pa msewu wosalala. Mu 1929 chuma cha Amereka chinagwa, ndipo msasawo unakhala m'ngongole zaka zambiri. Koma sunatsekedwe. Mu 1962 ana a ku Interlochen anakaimba pa bwalo la nyumba ya Pulezidenti Kennedy ku Washington, ndipo chaka chomwecho pa malopo anatsegulanso sukulu yogonera konko ya chaka chonse. Maddy anamwalira mu 1966, koma msasa wake ulipobe, ndipo chirimwe chiri chonse kumafika ana oposa 2,000 ochokera m'maiko ambiri, ena a nyimbo, ena a zisudzo, ena ojambula. Onse abvala yunifolomu imodzi, kuti mwana wa munthu wolemera asasiyane ndi mwana wa mmphawi.

Ku Interlochen chachikulu ndicho kuimba m'gulu lalikulu lochedwa okestra, m'mene oimba zoimbira za nsambo ali oposa theka. Mwana amene kwao anali katswiri yekha pa sukulu yonse apeza kuti pali anzake 30 odziwa monga iye, kapena kumposa. Aphunzira kuwerenga nyimbo yatsopano msanga, kuyendetsa uta wake pamodzi ndi anzake, ndi kuyang'ana wotsogolera.

MSASA WA KU MEADOWMOUNT

Msasa wachiwiri ndiwo ndifuna kuti muumvetse bwino, pakuti unakhazikitsidwa makamaka chifukwa cha oimba zoimbira za nsambo. Mwini wake anali Ivan Galamian. Iye anabadwa mu 1903 ku Tabriz, m'dziko la Persia limene lero tiliti Iran, kwa makolo a mtundu wa Armenia. Anakulira ku Moscow, naphunzira vayolini komweko. Boma litasintha ku Russia anapita ku Paris, kumene anaphunziranso kwa Lucien Capet, katswiri wa kagwiridwe ka uta. Mu 1937 anasamukira ku Amereka, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi pa sukulu ziwiri zomveka, ya Curtis ku Philadelphia ndi ya Juilliard ku New York.

Galamian sanakondwe kuona ophunzira ake alikumwazikana pa tchuthi. Tsono mu 1944 anatsegula msasa pa nyumba yakale ya pa munda wochedwa Meadowmount, m'mapiri a Adirondack, pafupi ndi kamzinda ka Westport ndi nyanja ya Champlain, mailosi oposa 250 kumpoto kwa mzinda wa New York. Anasankha dala malo a kutchire, opanda masitolo ndi zokopa za m'tauni. Msasawo umakhala masabata 7, kuyambira kumapeto kwa Juni kufikira pakati pa Ogasiti, ndipo masiku ano umalandira ophunzira pafupifupi 200.

Mvetserani m'mene tsiku limayendera. Atadya chakudya cha m'mawa, wophunzira ali yense alowa m'chipinda chake yekha ndi choimbira chake, nayeseza kufikira nthawi ya chakudya cha masana, kupumula pang'ono pakutha pa ora liri lonse. Madzulo aonjezeranso, kotero kuti pa tsiku maora oyeseza payekha akwana 5. Munthu woyenda panja amva mau a mavayolini kuturukira pa zenera liri lonse, yense nyimbo yake, ndipo chipinda chikangoti zii, oyang'anira adziwa kuti muli ulesi. Sabata iri yonse wophunzira aonekera kwa mphunzitsi wake kukasonyeza chimene wakonza. Masana aimba m'timagulu ta anthu 4, mavayolini 2, viola ndi cello. M'kagulu kotere mulibe wotsogolera, ndipo palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake, pakuti yense ali ndi mau akeake. Masiku ena pa sabata, usiku, amene akonzeka aimba pamaso pa anzao onse ndi anthu a m'midzi yozungulira.

Mwina wina afunsa kuti, kodi m'maora 5 amenewa mwana achitamo chiani? Kodi angobwereza nyimbo imodzi kuyambira poyamba kufikira pomaliza? Iai. Galamian analemba buku la kaimbidwe ndi kaphunzitsidwe ka vayolini limene linasindikizidwa mu 1962, ndipo m'menemo anagawa nthawi yoyeseza patatu. Gawo loyamba ndi lomanga: kukwera ndi kutsika mau mwa dongosolo, ndi kutenga malo obvuta a m'nyimbo, mwina mau 8 okha, ndi kuwaimba pang'onopang'ono, mosinthasintha liwiro ndi kayendedwe ka uta, kufikira zala zimvera mutu. Gawo lachiwiri ndi lomasulira: kulingalira chimene nyimbo ifuna kunena, pofunika kukweza mau ndi pofunika kuwatsitsa. Gawo lachitatu ndi loimba monga pamaso pa anthu: kuyamba ndi kumaliza osaima, ngakhale walakwitsa pakati. Iye anaona kuti wophunzira wozolowera kuima pa cholakwa chiri chonse adzaimanso pa tsiku la anthu, ndipo wongothamanga osaima sadzakonza kanthu. Zitatuzi zifunika zonse, monga mafuwa a pa moto.

ZIPATSO ZAKE

Mtengo tiudziwa ndi zipatso. Ku Meadowmount kunapita Itzhak Perlman, wobadwa mu 1945 ku Tel Aviv. Iye anadwala poliyo ali ndi zaka 4, napuwala miyendo, kotero kuti amaimba chokhala pansi, koma anakhala mmodzi wa oimba vayolini omveka pa dziko lonse. Makolo a ana opunduka, gwirani mau amenewa. Kunapitanso Pinchas Zukerman, wa ku Tel Aviv yemweyo, ndi mtsikana wa ku Korea, Kyung-wha Chung. Awiriwa, onse ophunzira a Galamian, analingana mphamvu pa mpikisano waukulu wa Leventritt ku New York mu 1967, ndipo onse anapatsidwa mphotho yoyamba. Yo-Yo Ma, katswiri wa cello wobadwira ku Paris mu 1955 kwa makolo a ku China, nayenso anakhalako ali mnyamata, ndi Joshua Bell pambuyo pake. Aphunzitsi othandizana ndi Galamian anali anthu omveka: Josef Gingold, Dorothy DeLay ndi Leonard Rose wa cello. Galamian anamwalira mu 1981, msasa nupitirira.

Koma tisaganize kuti onse opita ku misasa asanduka akatswiri a dziko lonse. Ochuluka amakhala oimba m'magulu a m'mizinda yao, kapena aphunzitsi a ana ena, ndipo ambiri amatsata ntchito zina, za udokotala, za malamulo, za malonda. Chimene atenga onse ndi chizolowezi chokhala pansi ndi chinthu chobvuta tsiku ndi tsiku kufikira chitheke.

ZOBVUTA ZAKE

Ndikadakunamizani ndikadati zonse nzokoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bvuto loyamba ndi ndalama. Masabata ochepawa amadya madola zikwi zingapo, osawerengera mtengo wa choimbira ndi ulendo. Misasa yambiri iri ndi thumba lothandiza ana aluso a makolo osauka, ndipo anthu achuma amaponyamo mphatso, koma thumbalo silikwanira onse. Tsono mwana wa mmphawi amene sanapeze mphunzitsi wabwino poyamba sangapambane mayeso olowera, pakuti ofuna malo amayamba atumiza nyimbo zao zojambulidwa kuti aphunzitsi azimve ndi kusankha.

Bvuto lachiwiri ndi la thupi. Mwana amene kwao amayeseza ora limodzi, akalumphira pa maora 5 mwadzidzidzi, amatupa misempha ya dzanja, khosi ndi phewa zimawawa, ndipo ena amaleka kuimba miyezi ingapo. Nchifukwa chake aphunzitsi amalamula kupumula pakati pa maora, ndi kuuza ana kuti ayambe kuonjezera nthawi pang'onopang'ono asanafike ku msasa. Khasu lomwe, munthu wosazolowera akaligwira tsiku lonse, m'manja muturuka matuza.

Bvuto lachitatu ndi la mtima. Mwana wa zaka 12 ali kutali ndi amake masabata 7, pakati pa anzake omposa luso, angathe kutaya mtima. Ku Interlochen kwa zaka zambiri kunali mwambo wakuti sabata iri yonse mwana wokhala mpando wa m'mbuyo m'gulu ayesane ndi wa patsogolo pake; onse awiri aimba malo amodzi a nyimbo, anzao naweruza mokweza manja, ndipo wopambana atenga mpando. Ena mwambowu unawalimbikitsa, koma ena unawaliza misozi ndi kudanitsa mabwenzi.

Anthu ena anayesa kukonza zimenezi. Mkazi wa Itzhak Perlman, Toby, amene anakomana ndi mwamuna wakeyo ku Meadowmount komweko ali achinyamata, anayambitsa msasa wake mu 1994. Tsopano uli pa chisumbu cha Shelter Island, kum'mawa kwa New York. Umalandira ana pafupifupi 40 okha, a zaka 12 kufikira 18, ndipo amene walowa amaloledwa kubweranso chaka ndi chaka kufikira atakula, kuti asakhale ndi mantha olandidwa malo. Kumeneko ana ndi aphunzitsi omwe amaimba pamodzi nyimbo za pakamwa m'kwaya, pakuti woimba vayolini wabwino ayenera kuyamba wamva nyimbo m'kati mwake.

Njira ina inachokera ku Japan. Shinichi Suzuki, amene anabadwa mu 1898 namwalira mu 1998, anazindikira kuti mwana ali yense amalankhula chinenero cha amake popanda kulephera, chifukwa amachimva tsiku ndi tsiku, nabwereza, nayamikiridwa. Iye anati vayolini aphunzitsidwe chimodzimodzi, ndipo anayamba sukulu yake mu mzinda wa Matsumoto nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1971 mphunzitsi wina wamkazi, Margery Aber, anatsegula msasa wa njira imeneyi ku Stevens Point, m'chigawo cha Wisconsin. Ku misasa yotere mwana wamng'ono sapita yekha. Apita ndi amake kapena atate wake kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kholo likhala m'kalasi ndi kulemba zonena mphunzitsi, kuti pobwerera kwao likathandize mwana.

Mu 2020, chifukwa cha mliri wa COVID-19, misasa yambiri siinasonkhane, ndipo maphunziro anachitika pa intaneti. Mphunzitsi anatha kuona ndi kumva mwana ali kwao, koma kuimba pamodzi sikunatheke bwino, pakuti mau amachedwa pa njira. Mliri utachepa misasa inatsegulidwanso, ana nabwerera ku nkhalango zao.

TITENGEPO CHIANI?

Sindinadze kudzakuuzani kuti mugulitse ng'ombe ndi kugula mavayolini. Koma tayang'anani chimene chipangitsa misasa iyi kubala zipatso. Si nyumba zokongola ai, pakuti zambiri ndi timanyumba ta matabwa. Ndiona zinthu 4. Choyamba, nthawi yoikika, yosasuntha, tsiku liri lonse. Chachiwiri, malo opanda zosokoneza. Chachitatu, mphunzitsi womva ntchito ya mwana kawirikawiri ndi kumuuza choona. Chachinai, anzake a msinkhu wake okonda chinthu chomwecho, pakuti mwana amalimbika koposa poona mnzake alikumposa kusiyana ndi pomva kukalipa kwa akulu. Pa zinai izi palibe chofuna madola.

Inu aphunzitsi, nyumba za sukulu zimakhala zotseka pa tchuthi, mbuzi ndi kumagona pa khonde. M'midzi yathu muli akulu odziwa kaligo ndi bangwe, ndi anyamata odziwa kupanga banjo ndi chitini ndi nsambo za waya. Akuluwo alikukalamba, ndipo luso losalembedwa m'buku limapita ku manda pamodzi ndi mwini wake. Kodi nkosatheka kupempha amfumu ndi komiti ya sukulu kuti, zokolola zitalowa m'nkhokwe, ana 10 kapena 15 ofuna asonkhane pa sukulu kwa sabata imodzi, mkulu mmodzi wodziwa awaphunzitse m'mawa, ayeseze yense payekha pansi pa mtengo wake, masana aimbe pamodzi, ndipo tsiku lomaliza aimbire mudzi wonse? Makolo angasonkhe ufa ndi ndiwo monga achitira pa misonkhano ya misasa ya mpingo. Mutu umodzi susenza denga.

Mukayesa, kumbukirani zobvuta zija. Musatsekere kunja mwana chifukwa kwao kulibe chosonkha. Musaiwale atsikana ndi ana opunduka. Musatopetse ana ndi maora ambiri pa tsiku loyamba. Musawayesanitse kuti wina achite manyazi pamaso pa anzake. Pakhale amai ndi abambo okhulupirika oyang'anira ana, makamaka ngati agona konko. Ndipo njira itatu ija ya Galamian, kumanga, kumasulira ndi kuchita monga pamaso pa anthu, muiyese ngakhale pa kwaya ya sukulu, pa kuwerenga mokweza ndi pa kulakatula. Mudzaona kuti igwira ntchito.

Inu makolo, mwana akamakwecha kaligo wake kuseri kwa nyumba, mau ake ndi kumaboola m'makutu, musamthamangitse. Akatswiri onse ndachula aja anayamba ndi mau oipa omwewo. Mpatseni nthawi yake atatha ntchito za pakhomo, ndipo nthawi zina khalani pansi mumvetsere. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Amene mudzayesa zimenezi pa tchuthi chikudzachi, lemberani kalata kwa mkonzi wa nyuzi ino, munene m'mene zayendera, zokoma ndi zobvuta zomwe, kuti a midzi ina aphunzirepo.